Fulashi ya amalume ako

Velonika mwana wanga,

Ndatseka shopu dzuwa likadali pamutu, iwe utangokwera kabaza kupita ku Chiosya kukatsanzikana ndi amalume ako. Anthu awiri agogoda kale kufuna fotokope, ine ndangoti zii ngati mulibe munthu. Kalatayi ndikulemba pamanja. Seka ndithu, mayi wa makompyuta atatu kugwira bolopeni ngati mwana wa sukulu, koma nkhani zina siziyenera kulowa m'makina amene aliyense amakhalapo. Ndiika kalatayi m'kathumba ka m'mbali ka chikwama chako. Uiwerenge mawa basi ikadutsa pa Namitete, osati usanakwere, chifukwa nkhope yako sindikufuna kuiona pamene ukuwerenga.

Ndiyambe ndi chimene chikundilemera. Nyimbo za malemu bambo ako zija, zimene tinawajambula akuimba asanadwale, sizinapse ndi mphenzi ayi. Ndinakunamiza. Ndinazitaya ndine, ndipo zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikukuona ukukwiyira mvula pa mlandu wanga. Ndikuopa kuti ukadziwa zoona upita ku Limbe ndi mtima wako womwe, Khirisimasi nkumadyera konko. Koma ndikuopanso kuti upite kukasamala makompyuta a eni ake usakudziwa dzenje limene anagweramo mayi ako. Ndiye upirire, ndifotokoza mwa kayendedwe kanga, pa nkhani ya bambo ako ndifikapo.

Ndikudziwa uli ndi satifiketi ya ku Lilongwe, ine ndilibe. Ukamakamba za makina ndi anzako ndimangotola mawu amodziamodzi ngati mukulankhula Chibemba. Koma kusukulu anakuphunzitsa makina, sanakuphunzitse anthu. Zaka zonse ndakhala pashopu pano sindinaonepo vairasi ikuthyola chitseko. Imabwera ndi munthu womwetulira, wodziwika, nthawi zina wachibale, ndipo mpando umamupatsa ndiwe.

Uchitsiru wanga woyamba unali wa nsalu. Ukudziwa kuti ndinayamba ndi taipi ku ofesi ya esiteti ya fodya, kutaipa mayina a matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo mpaka zala kuuma. Matipate atabwera aliyense anayamba kufuna kalata, wa kalabu ya alimi, wa bungwe, wofuna ukhansala, ndiye bambo ako anati titsegule kashopu pa boma pano. Patapita zaka tinagula kompyuta yakale ku Lilongwe, ndipo wogulitsayo potsanzikana anati, "Mayi, muziisamala ndi mavairasi." Ine kufunsa ayi, manyazi. Ndinaganiza kuti ndi tizinthu touluka ndi fumbi kapena chifuwa. Ndinasoka chophimba cha chitenje chatsopano, ndipo munthu akatsokomola m'shopu ndinkamuuza kuti akatsirizire panja. Bambo wina wa ku Dambe ndinamutulutsa chifukwa cha chimfine, kwinaku ndikulowetsa disiketi yake m'kompyuta ndi manja awiri. Tsiku limene tinamva zoona bambo ako anaseka mpaka kukhala pansi. Safunsa anadya phula, Velo. Fumbi uzipukuta, koma mdani sadzera pamenepo. Ukafika ku ofesi kwakoko, tsiku loyamba lomwelo ufunse kuti ndani amabwera ndi mafulashi, ndi kompyuta iti ili pa intaneti, ndipo nthambo yolumikiza makompyutawo ikuchokera kuti nkukathera kuti.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunapweteka munthu wosalakwa. Pasiwedi ya pashopu pano inali dzina lako. Ndinkaona ngati ndachenjera, kuiwala kuti boma lonse la Mchinji limanditchula kuti amake Velonika. Ndinailembanso pakapepala nkumata pansi pa kiyibodi, kuti bambo ako asamandilondole kumsika akaiwala. Nthawi imeneyo aNambewe, aja ankaimba mu kwaya ya bambo ako, anabwera kudzataipitsa kalata yopita kwa ansembe, yofotokoza za m'banja mwawo. Zinali nkhani zoti munthu amanena monong'ona. Ndinataipa, ndinapulinta, koma kalatayo ndinaisiya m'kompyuta, mu foda yomwe tinkasungamo za aliyense. Loweruka lake ndinapita kumaliro, kiyi wa shopu nkusiyira mphunzitsi wina wa mumpingo mwathu amene ankafuna kutaipa mayeso. Munthu wopemphera, ndinkatero. Pofika Lamulungu, mawu a m'kalata muja anali akunenedwa pamjigo liwu ndi liwu. ANambewe anakumana nane pakhomo la tchalitchi nangoti, "Zikomo amake Velonika, mwanditaipira bwino." Kuyambira tsikulo sanandipatsenso moni, ndipo sindinawadandaule.

Ndiye imva. Pasiwedi isakhale dzina la munthu amene umamukonda, chifukwa amene umamukonda amadziwika. Usakanize zilembo ndi manambala zoti ngakhale ine amako sindingazilote. Osailemba pansi pa kiyibodi, pakalendala kapena kuchikuto cha buku. Aliyense wa mu ofesimo azilowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, ndipo ya ukulu, yoikira ndi kuchotsera mapulogalamu, ikhale ya iwe ndi bwana basi. Munthu akasiya ntchito, utseke polowera pake tsiku lomwelo, ngakhale atachoka mukuseka. Ukadzuka pampando, kaya nkukangomwa madzi, uzitseka sikirini. Ndipo kukabwera mnyamata wa tayi wonena kuti ngati umandikonda undiuze pasiwedi ndingoona imelo yanga, umuuze kuti amako ku Mchinji ali ndi mpini wa khasu kuseri kwa chitseko. Za anthu zimene zili m'makinamo si zako, wangosungitsidwa.

Chachitatu chinali ulesi weniweni. Makompyuta atakwana atatu, mmisiri wina wa ku Lilongwe anawalumikiza ndi nthambo kuti onse azipulinta pa pulinta imodzi, natiikira antivairasi. Anandiuza kuti pulogalamu imeneyi imafuna apudeti pafupipafupi kuti izidziwa mavairasi atsopano. Koma intaneti yathu ija ya pa foni ya nthambo ukuikumbuka, unkatha kutereka nyemba tsamba limodzi lisanatseguke. Ndinachita kawiri, katatu, kenako ndinati aa, katemera amabaya kamodzi. Kachizindikiro ka pakona ya sikirini kanafiira, ine nkungokazolowera. Makompyuta atayamba kuyenda ngati akukoka ngolo, mmisiri uja anabwera, anatsuka, nandikalipira ngati mwana. Anati antivairasi yopanda apudeti ili ngati mlonda amene amangodziwa nkhope za akuba a chaka chatha. Anazula nthambo ya kompyuta ya pakhomo ija kuti ikhale payokha, nandiuza kuti fulashi iliyonse yochokera kunja iziyamba yayesedwa pamenepo isanalowe mu ziwiri za mkatizi. Iwe usankhe tsiku la apudeti, kaya Lolemba m'mawa, ndipo lisaphonye ngakhale bwana akhale pamsana pako ndi ntchito. Imelo yobwera ndi fayilo yomata kuchokera kwa munthu wosamudziwa, kapena yonena kuti wapambana mpikisano umene sunalowe, ungofufuta osatsegula.

Ndakuuza zonsezi kuti uone kuti pofika tsiku lija sindinali mbuli. Malamulo onse ndinkawadziwa.

Bambo ako nyimbo zawo sankalemba. Zinkabwera ali panjinga, pochokera kukaphunzitsa kwaya ku tchalitchi chaching'ono cha kufupi ndi Kachebere, ndipo ankafika pakhomo akung'ung'udza, osayankha moni kuopa kuti ingathawe. Ndine ndinawakakamiza kuti tiziwajambula. Tinabwereka kamayikolofoni, ndipo Loweruka masana tikatseka shopu ankaima apa pamene pali fotokope tsopano, dzanja limodzi kukhutu, ine nkudina kabatani kofiira. Ankachita manyazi ndi makina kuposa ndi mpingo wodzaza. Atamwalira, nyimbo zija ndizo zinkandidzutsa. Ndinkatsegula shopu m'mawa, kuyatsa kompyuta, iwo nkumaimba ine ndikusesa. Iwe ukabwera ku holide unkakhala pakona ndi mahedifoni, osafuna kuti ndione kuti ukulira, ngati kuti mapewa sanena.

Ndinazikopera mu makompyuta onse awiri a mkati, nkumati zasungika kawiri. Mmisiri uja anali atandiuza kuti zofunika zonse ndiziike pa sidi nkukasunga kunyumba. Ndinati mawa. Velo, masidi opanda kanthu ndinkagulitsa ndine, anali pa shelefu kumbuyo kwa mutu wanga, mulu wathunthu. Ndinkangoti mawa.

Amalume ako anabwera mwezi wa mvula, atapalasa njinga kuchokera ku Chiosya, buluku lonse matope. Anatulutsa fulashi yokulunga m'kajumbo ka shuga. Munthu wina ku Chipata anali atawataipira kalata ya kalabu yawo ya alimi, ndipo ankafuna kuti ndipulinte. M'shopu munali anthu ambiri obisala mvula. Ndinalandira ndi manja awiri nkulunjika ku kompyuta ya pakhomo.

"Ukupita nayo kuti?" anafunsa.

Ndinati, "Ndiyese kaye achimwene, mwina ili ndi vairasi."

Sanakweze mawu, ukuwadziwa. Anangoti, "Ndiye kuti ndapalasa njinga mtunda wonsewu kudzakuwonongera katundu? Ndakulera ndine, lero ukununkhiza chimene ndakupatsa pamaso pa anthu?"

Anthu onse anayang'ana pansi. Iwe unali wamng'ono kumvetsa, koma maliro a bambo ako atangotha, abale awo ena anabwera ndi galimoto kudzanyamula makompyuta, ndipo amene anaima pakhomo la shopu ino tsiku lonse, osadya, anali amalume akowa. Mwini mbumba. Popanda iwo, sukulu yako ikanathera pomwepo. Munthu wotere ndimuuze bwanji pagulu kuti chimene wanyamula ndikuchikayikira? Ndinamva kutentha kumaso. Ndinati, "Pepani achimwene, ndinangozolowera," ndipo ndinabwerera nkulowetsa fulashi ija molunjika mu kompyuta yaikulu, momwe munali bambo ako. Kachenjezo kanatuluka pa sikirini, ine nkukatseka msanga kuti asakaone. Kalata inatuluka bwinobwino. Anandisiyira bowa m'kabasiketi napita akusangalala.

M'mawa mwake ndinayatsa kompyuta, kutenga tsache, kudikira. Zii. Mafoda anali pomwepo koma mafayilo osatseguka. Ndinathamangira ku yachiwiri ija ndikuti bola ndinakopera, koma vairasi inali itadutsa kale m'nthambo ngati moto wa nyumba zoyandikana. Mmisiri anabwera patapita masiku awiri. Makalata ena anawapulumutsa, koma nyimbo anati zaphwanyika mkati. Anayesa imodzi, munangotuluka phokoso la waa. Ndinamuuza kuti azimitse. Tsiku limenelo ndinawalira bambo ako kachiwiri, ndipo kunalibe wondipepesa chifukwa kunalibe amene ndikanamuuza.

Sabata yomweyo mphenzi inang'amba mtengo kumsika, boma lonse likukamba. Iwe utabwera ku holide nkufunsa mahedifoni, bodza linali litakhala kale pakamwa panga. Unakhulupirira, unapita kuchipinda, sunadye. Ndinanama chifukwa cha manyazi, ndivomere. Ndinanamanso kuti usadane ndi amalume ako. Iwo mpaka lero sadziwa kanthu, ndipo usadzawauze. Fulashi inatenga vairasi ku Chipata iwo osadziwa. Wolakwa ndi amene ankadziwa, ndipo ameneyo ndine.

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma iwowo analibe kompyuta. Apa phanga limodzi ndilo livumbwitsa, ndipo mapanga awiri olumikizana ndi nthambo ndi limodzi lomwelo. Chilichonse chimene ofesi yanu singakhale popanda icho, uzichikopera sabata iliyonse pa sidi kapena pa disiki yomwe ukamaliza umazula, ndipo kope limodzi lizigona nyumba ina. Nthawi ndi nthawi uzitsegula kope lija kuona ngati likutsegukadi. Mawu oti mawa uwaope, Velo, mawa ameneyo ine anandidyera bambo ako.

Njira yokanira munthu wamkulu ndinaipeza mochedwa, pa chinkhoswe china ku Dambe. Mayi wopereka thobwa anayamba walawa yekha pachikho asanapatse alendo, monga timachitira, ndipo palibe anakwinya nkhope. Ndinakhala pamphasa paja nkumadzifunsa kuti nzeru imeneyi inali kuti tsiku lija. Ndicho chifukwa chake ndimavala fulashi yanga pakhosi ndi kachingwe, kamene umandiseka nako kuti ndi kolona yachiwiri. Akabwera munthu wolemekezeka ndimayamba kuyesa yanga iye akuona, nkumati mwini thobwa amayamba kulawa, kenako ndimatambasula manja kulandira yake. Ansembe amaseka nkupereka, akuluakulu a ku boma chimodzimodzi. Amalume ako anabweranso chaka chatha, ndinachita zomwezo, anangogwedeza mutu nkupereka. Kwanuko bwana adzabwera ndi fulashi ya mlamu wake, ali pachangu, anthu akuyang'ana. Udzamva kutentha kumaso komwe ndinamva ine. Ugwade ngati nkofunika, unene pepani kakhumi, koma fulashiyo iyambe yayesedwa. Lamulo likakhala la onse kuyambira iwe mwini, munthu saliona ngati chipongwe.

Tsopano imva zimene zachitika Lachiwiri lapitali, iwe uli kokaluka tsitsi. Ndinangoona mthunzi pakhomo, kukweza maso, aNambewe. Zaka zonse zija osandilankhula. Sanapereke moni, anangoti, "Ndamva kuti mwana akupita." Anatsegula chikwama natulutsa sidi m'kaenvelopu kothimbirira. Ine ndinali nditaiwaliratu kuti tisanadane ndinawakoperako nyimbo imodzi ya bambo ako kuti akaphunzirire mawu awo kunyumba.

"Ndinamva kale kuti munataya zonse," anatero. "Mtima unali usanapole. Koma amuna anu sanandilakwire, mwanayonso ayi. Apite ndi mawu a bambo ake."

Ndinalandira sidi ija. Ndinafuna kuithamangitsira mu kompyuta yaikulu momwe muli masipika, ndipo ndinayenda masitepe awiri. Kenako ndinaima. Ndinavula fulashi yanga pakhosi, kuiyesa pa kompyuta ya pakhomo, nkutenga sidi yawo kuiyesanso, iwo ali chiimire akundiyang'ana. Ndinkadikira kuti alande katundu wawo azipita. Anangoti, "Yesani ndithu. Mukanayamba kale kusamala chonchi." Ndinawakokera mpando, anakhala, ndipo tinamvera limodzi mpaka kumapeto, aliyense akupukuta maso ndi chitenje chake.

Ndi ija ya nthawi yokolola, imene bambo ako ankaikonda poyamba Misa. Mawu awo ali bwinobwino, ngakhale kupuma kwawo kukumveka. Koma usazimitse nyimbo ikatha. Tsiku limene tinkaijambula ndinachedwa kudina batani lozimitsira, ndiye kumapeto kukumveka iwo akuti, "Velo, tseka chitseko, mphepo ikulowa," kenako timasilipasi tako pa simenti, ndi kuseka kwako. Kuyambira Lachiwiri ndamvera kachigawo kameneko kosawerengeka, iwe ukangotuluka. Ndinafuna kukuitana nthawi yomweyo, koma ukanafunsa mafunso, ndipo ndinalibe mphamvu yokuyankha maso ndi maso.

Pano nyimboyo ili malo anayi. Sidi ya aNambewe ndawabwezera, ina ili m'sutikesi kunyumba pansi pa zitenje, ina ndasungitsa kwa masisitere, ndipo yachinayi ili mu fulashi yatsopano imene uipeze mu envelopu muno.

Shopu ino ikhala yaikulu mawa. Mpando wako wa pakona sindiuchotsa, ngakhale mwendo wake umagwedera. Pulinta ikadzatafuna pepala ndidzaitana dzina lako ndisanakumbuke, ndipo makasitomala adzandiseka. Ndakusunga pafupi nane zaka zonsezi, ndikudziwa kuti uyenera kupita, koma kudziwa sikuchepetsa kanthu. Ndakusowa kale iwe usananyamuke. Uzidya m'mawa usanapite kuntchito, ndipo juzi yobiriwira ija ndaiika pansi pa chikwama, ku Limbe kumazizira kuposa kuno.

Ngati wandikwiyira, kwiya, uli ndi chifukwa. Sindikupempha kuti undikhululukire pa Namitete pomwepo. Ukafika, fulashiyi usaitsegule msanga. Ndaiyesa kale, koma uiyesenso wekha pa kompyuta yosalumikizidwa ndi zinzake. Inde, ndi ya amako. Uyese ndithu, ine sindikhumudwa.

Ukatero undiimbire. Foni ikakana ndiye kuti yalumphira netiweki ya ku Zambia monga imachitira, uyesenso, ndizikhala pakhonde la shopu pamene imagwira bwino. Ngati mawu olankhula nane sanabwere, usadzikakamize. Ungoimba, nkuika foni pafupi ndi sipika, timvere limodzi bambo ako mpaka pamene akukutuma kutseka chitseko.

Ndine amako,
Nachisale